Nkhope yanga ili pa Juni

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 54, ndimakonza makina osokera m'kashopu kakang'ono kuseri kwa msika. Pabanja ndakhala zaka 26 ndipo sindikudandaula. Akazi anga ndi munthu wabwino, ana athu anakula n'kuchoka, nyumba siidontha. Vuto langa labwera ndi mphatso.

Tsiku lililonse akazi anga amalawirira kundiphikira chakudya cha masana. Amachiika m'kontena yabuluu n'kuikulunga ndi kansalu kuti chisazizire msanga. Ine ndimalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Koma kwa zaka zinayi tsopano, kontenayo imathera m'manja mwa mlonda wa pageti la mashopu athu, ine n'kuwoloka msewu kukadya ku lesitilanti.

Musandiweruze msanga. Si kuti akazi anga sadziwa kuphika, ayi ndithu. Ndinangolowamo tsiku lina pothawa mvula, ndiye chinandigwira ndi tebulo la pakona, pafupi ndi zenera. Timakhalapo anthu anayi: ine, mphunzitsi wina wopuma, wometa tsitsi ndi dalaivala wa basi amene amatsutsa chilichonse. Tsiku lonse ndimakhala ndekhandekha, kuyankhula ndi tizitsulo. Ola limodzi limenelo ndi pamene ndimaseka mpaka kutsamwa. Eni malowo tinawapatsa dzina loti Mayi Onjezani, chifukwa mbale isanathe amakhala ataima kale pambali ndi supuni yaikulu.

Chaka chikamatha, Mayi Onjezani amapereka mphatso kwa makasitomala awo okhazikika. Chaka china anatipatsa makapu, yanga ndimasungiramo masingano kushopu. Chaka chatha inali ambulera, ndinampatsa mlonda yemwe uja. Ulendo uno aganiza zapamwamba. Asindikiza kalendala, mwezi uliwonse uli ndi chithunzi cha kasitomala. Tsiku lomwe munthu anabwera ndi kamera ndinkayesa n'zocheza chabe. Pa Juni pali ine, Aphungu. Mwendo wa nkhuku uli m'manja, mano onse ali panja, ndipo pansi pake analemba kuti: "Zaka zinayi, sanajombepo."

Pondipatsa, Mayi Onjezani anati, "Bambo a makina, mukaipachike pabalaza, mayi akaone kuti timakusamalani." Ndinaseka nawo. Yanga ndaibisa kuseri kwa kabati kushopu. Tsoka lake, mayi wa saluni imene akazi anga amakalukitsa tsitsi nayenso ndi kasitomala, ndipo wapachika yake moyang'anizana ndi mpando wolukirapo. Panopa ili pa Januwale. Ndatsala ndi miyezi isanu.

Wometa akuti ndikapemphe mayi wa saluni ang'ambe tsamba la Juni. Dalaivala akuti ndidzangonena kuti ndi munthu wofanana nane. Mlonda, amene masaya adzaza ndithu, akuti ndisagwedeze zinthu. Iye ali pabwino, moti chaka chatha atayamba kuvutika m'mimba, mwamwayi akazi anga anasiya kuthira tsabola, ngakhale akudziwa kuti ine popanda tsabola chakudya sichitsika. Kontena mlondayo amaitsuka mpaka kuwala, ndipo akazi anga anandiyamikirapo kuti, "Bambo, ku ukalamba kuno mwaphunzira kutsuka mbale."

Ndimawakonda akazi anga, sindifuna kuwapweteka mtima. Koma tebulo lija nalo sindifuna kulisiya. Nditani?

M.D., kuseri kwa msika, m'tauni muno

Bambo M.D.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ulendo wachiwiri ndikupukuta misozi ya kuseka. Mtima pansi, banja lanu silikutha. Koma mwalakwa, ndipo tisazungulire. Kudya ku lesitilanti si mlandu. Munthu wokhala yekha tsiku lonse amamva njala ya anzake, ndipo ndakondwa kuti muli nawo. Mlandu ndi wakuti kwa zaka zinayi mwalola mayi kusiya tulo kuti akuphikireni, inu n'kumalandira ndi manja awiri ngati mukadyadi.

Tsopano iwerengeninso kalata yanuyo. Mayi amene akuphikirani zaka 26, odziwa bwino pakamwa panu, asiya tsabola nthawi yomweyo imene mlonda wayamba kuvutika m'mimba, inu mukuti "mwamwayi"? Ndipo chaka chathunthu simunadandaulepo ngakhale tsiku limodzi kuti tsabola wasowa. Ine sindili m'mutu mwawo, koma ndikukayika ngati m'nyumba mwanumo muli chinsinsi. Ndikuona ngati mayi akungodikira kuti aone tsiku limene mudzatsegule pakamwa.

Zong'amba tsamba zisiyeni. Mukangopempha, ndiye kuti mwauza mayi wa saluni nkhani yonse, ndipo pofika Loweruka aliyense wolukitsa adzatuluka nayo. Za munthu wofanana nanu, auzeni a dalaivala asamale za msewu.

Chitani izi. Sabata yomwe ino itulutseni kalendala kuseri kwa kabati, isanseni fumbi, mupite nayo kunyumba. Dikirani mayi akhale pansi, osati ali kalikiliki kukhitchini. Tsegulani pa Juni ndi manja anu. Yambani ndi kupepesa, kufotokoza kubwere pambuyo. Mkazi akaona chithunzi chotere, funso loyamba mumtima mwake limakhala lakuti chakudya chake chalakwa chiyani. Liyankheni limenelo asanafunse. Auzeni zimene mwandiuza ine, za tizitsulo ndi za anzanu atatu aja. Akakwiya, khalani chete mumvetsere, pakuti tulo ta zaka zinayi sitibwezeka ndi mawu a tsiku limodzi.

Kenako atengeni tsiku lina mukadye nawo kumeneko. Apatseni mpando wa pazenera, Mayi Onjezani awaonjezere, dalaivala awatsutse. Mwanena kuti ana anachoka. Kodi munaganizirapo kuti inu mukamatsamwa ndi kuseka, mayi amadya ndi ndani masana? Mwina nawonso amayankhula ndi mapoto.

Za kontena yabuluu, asankhe okha. Akafuna kumagona mpaka dzuwa lituluke, ndi ufulu wawo. Akafuna kupitiriza kumuphikira mlonda, mlondayo abwere yekha adzathokoze, ndipo inu muzigulako zina zophika.

Chenjezo langa ndi limodzi: musadalire miyezi isanu ija. Munthu akakhala pampando maola atatu akulukidwa, sadikira mwezi ufike, amaivundukula kalendala mpaka Disembala. Fulumirani, bambo. Nkhope imeneyo mayi aionere kunyumba ili m'manja mwanu, osati pakhoma la eni ake anthu akuwayang'ana.

Aphungu