Dzina langa m'buku la odwala mutu

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Khwethemule tonse tilipo, kupatula mutu wanga waching'alang'ala uja.

Lachiwiri unandigwira ndikuthyola tiyi, dzuwa lili pamutu. M'maso munachita mdima, ndinasanza, masamba onse m'dengu n'kutayika. Akapitawo, omwe aja amatikalipira tikangoima pang'ono, anandikhazika pamthunzi n'kukanditungira madzi ndi manja awo. M'mawa mwake kunabwera mayi wina wa ku ofesi atanyamula buku.

"Aliyense wodwala mutu alembetse," anatero. "Tizikupatsani nthawi yopuma, ndipo dzuwa likakula muzigwira ntchito yapamthunzi."

Ndinawafunsa mayiwo kuti, "Bukuli likachoka pano aziwerenga ndani?" Anangomwetulira.

Achemwali, makontirakiti athu akutha mwezi wamawa, ndipo osankha anthu obwerera pantchito ndi a ku ofesi omwewo. Anzanga atatu odwala ngati ine anakana. Ine ndinalembetsa chifukwa ndatopa n'kubisa matendawa, koma mtima wanga sunakhazikike.

Mundifunsireko kwa alamu ngati kuntchito kwawo zoterezi zimathera pabwino. Munditumizirenso chipewa chachikulu. Kaya ndidzachivala m'tiyi, kaya m'munda mwathu, tidziwa mwezi wamawa.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati