Aliyense Alibe Khomo

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikudziwa zimene zili mumtima mwako pamene ukutsegula kalatayi. Ukuti achemwali amva zoti ndikugulitsa mabenchi ndi makina oonetsera mafilimu, ndiye alemba kuti andikalipire. Mtima m'malo, sindikalipa. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Uli bwanji iwe ndi mlamu wanga? Nanga mwendo wa amayi wasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa chimene chinandigwira mvula itayamba. Denga la chipinda chimene timagwiriramo ntchito limadontha pamwamba penipeni pa mpando wanga, ndipo eninyumba tsiku lililonse amati abwera mawa.

Amayi anandiuza kuti anthu achepa ku holo yako chifukwa akuonera pa mafoni awo, ndipo wogulitsa mowa woyandikana nawe akufuna malowo. Sindikukuona wolakwa. Ana sadya mabenchi. Koma usanamuyankhe, tamva zimene zatichitikira kuno.

Filimu yathu ija tinaimaliza. Ndi ya akazi awiri apachibale amene akukankhirana bambo awo osaona, wina akuti ndilibe malo, wina akuti ndilibe nthawi. Ntchito yanga inali yolumikiza zithunzi ndi mawu, ndipo ndaionera mpaka ndimaibwebweta kutulo. Koma chiimalizireni yangokhala m'kabokosi konga sopo, m'dirowa ya Chipewa. Chipewa ndi amene anatsogolera ntchito yonse. Dzinali tinamupatsa chifukwa palibe anaonapo pamutu pake.

Boma lili ndi thumba la ndalama zothandizira mafilimu. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi zojambulira, ndipo ifenso poyamba tinkaganiza choncho. Ayi. Thumba limeneli ndi la filimu imene yatha kale, kuti ifike kwa anthu. Limalipira zithunzi zomata m'makoma, zolengeza pawailesi ndi mayendedwe, komanso limathandiza eni maholo ang'onoang'ono amene aionetse. Takumbukira mmene abambo ankachitira. Ankasokera malaya m'nyumba, koma akamaliza ankawapachika pakhonde poyang'ana msewu, ndipo ankati chovala chobisika sichipeza thupi. Ndalama zimenezi ndi za khonde, si za makina osokera.

Tinaitanidwa kukaonekera ku komiti yake. Chipinda chinali chachitali, tebulo lalitali, iwo mbali ina ife mbali ina, fani ikulira ngati ikudandaula malipiro. Filimu anaiyamikira ndithu, mpaka bambo wina wa magalasi anavomera kuti inamulowetsa chitsotso m'maso. Kenako mayi amene ankatsogolera zokambiranazo anafunsa kuti tikufuna aionere ndani. Chipewa anadzikonza nayankha monyadira kuti ndi ya aliyense, ana ndi akulu, olemera ndi osauka. Ine ndinavomereza ndi mutu, chifukwa ukudziwa kuti ife tikati chinthu ndi cha aliyense ndiye kuti tachilemekeza.

Mayiwo anaika cholembera pansi.

"Bambo, aliyense alibe khomo. Nditakupatsani galimoto lero lino, mukaiimika pati?"

Anatibweza mwaulemu, natiuza kuti tidzabwerenso mvula ikatha, tili ndi malo enieni kumene filimuyo yaonetsedwako ngakhale kamodzi, komanso zimene anthu ananena ataionera.

Potsika masitepe Chipewa anali atafufuma. Ankati anthu a m'maofesi sadziwa luso, ndipo ndalama zotere zimapita kwa ana a alongo awo. Ndinamusiya atokote mpaka pokwerera basi. Pamenepo ndinamufunsa kuti iye mwini anapita liti komaliza kukaonera filimu pamalo olipira pakhomo. Anangokoka chipewa chake kutsogolo. Funsolo linandilasa ndi ine ndemwe. Tinajambula nkhani ya anthu, koma sitinaganizepo za mpando umene munthu adzakhalire poionera.

M'mawa mwake tinagawana ntchito. Chipewa akuyenda m'masukulu ndi m'maholo a mipingo. Wojambula wathu wagwirizana ndi azakhali ake, amene ali ndi malo odyera okhala ndi khoma loyera losalala. Eni malo ena akutikana tisanakhale n'komwe pansi. Ena akufunsa ngati muli ndewu, ndipo tikawauza kuti ndewu ilimo koma ya pakamwa, amaseka n'kutiuza kuti tibwere nayo. Nsapato zanga zatha chidendene, koma kubwerera m'mbuyo ayi. Sindinathere maso pa kompyuta kuti ntchito yanga izigona ndi mphemvu m'dirowa.

Tsono ine khomo limene ndimalidziwa bwino ndi lako. Ndikulidziwa bolodi limene umalembapo ndi choko, nsalu yakuda ya pazenera, ndi benchi yogwedera ya kutsogolo ija imene umangoti uikhoma. Taganiza izi. Mafilimu akunja amene umaonetsa ali kale pa foni ya mwana aliyense, n'chifukwa chake anthu sakubwera. Iyi palibe amene ali nayo. Ndiponso ili m'chiyankhulo chathu, moti sudzasasa mawu ndi kumasulira pa maikolofoni monga umachitira. Anthu adzamva okha pamene wamkulu akunyoza mng'ono wake, ndipo ena adzayang'anizana chifukwa nkhaniyo aidziwa kunyumba kwawo.

Ndisakunamize. Sindikulonjeza kuti komiti idzavomera, ndipo ikadzavomera sindikuti walemera. Chimene ndikudziwa n'chakuti chithandizo chidzapita ku maholo amene tidzawatchule, ndipo thumbali silithera pa filimu yathu yokha. Alipo anzathu ena amene ntchito zawo zikugonanso m'madirowa, onse akusowa khoma ndi mabenchi. Koma malo amene asanduka omwera mowa sindingawatchule pamaso pa mayi aja.

Undiperekere moni kwa amayi, uwauze kuti mankhwala opaka ndawaika m'phukusi lomweli. Moni kwa mlamu wanga, kwa ana, ndi kwa amalume ngati asiya kundikwiyira chifukwa chosabwera ku ukwati wa mwana wawo.

Pempho langa ndi limodzi. M'phukusimu muli filimuyo ndi zithunzi zomata zingapo zimene tasindikiza tokha. Umuuze wa mowayo adikire kaye mwezi uno uthe. Yamba waionera iwe ndi mlamu, chitseko chili chotseka. Ikakugwira mtima, ilembe pa bolodi m'mawu ako, ndipo uyambe kuitana amayi a pamsika amene akusamala makolo okalamba, nthawi ya masana malonda akazizira. Potuluka anthu uime pakhomo, umvetsere zimene akukangana, undilembere momwe anenera, zotinyoza zomwe. Tangoyesa kamodzi kokha, mlongo wanga. Ukaitana koma mabenchi n'kukhala okhaokha, gulitsa ndi mtima woyera, ndipo ndidzabwera ndekha kudzakuthandiza kuwanyamula.

Ndine mlongo wako wokukumbuka masiku onse,

Achemwali ako a kutauni