Mbendera Yosachapa ya Aphunzitsi Genivaldo

Kwa Mayi Neusa Prates, ana ndi adzukulu, komanso anthu onse a mu Pedra Funda,

Ife a Bungwe la Masapota a timu ya Pedra Funda tadzidzimuka ndi kusweka mtima pomva kuti Aphunzitsi Genivaldo Prates atisiya dzulo m'mawa, ndipo ng'oma zathu, zimene sizinatontholepo ngakhale pa masiku ogonja, lero zili chete.

Malemuwa anayambira pabwalo lafumbi la kuseri kwa siteshoni ya sitima, kuphunzitsa mpira ana opanda nsapato. Luso lawo linawatengera ku Morocco ndi kumaiko ena a Aluya komwe anatenga zikho, koma atamva kuti timu yakwawo yatuluka mu ligi, anasiya zonsezo nabwerera. Chaka chimene anatibwezera mu ligi yaikulu, anakwaniritsa lonjezo lawo kwa Amayi Maria Oyera poyenda pansi mpaka kutchalitchi cha paphiri, atafunda mbendera yathu chifukwa cha mvula. Ine ndinali pambuyo pawo ndi ng'oma, nditangosiya kumene koleji. Anacheuka nati, "Iwe Cleiton, mpirawu ulibe chibale. Wataya sukulu, nanga akadzandichotsa uzidzaimbira ndani?" Tonse tinaseka.

Akuluakulu a kalabu anawachotsadi ntchito chaka chatha, timu itangogonja masewero ochepa motsatizana, ndipo anawauza pa foni ali pa chakudya chamasana. Akuluakulu omwewo atumiza nkhata ya maluwa yaitali kuposa chitseko, pamodzi ndi pempho lakuti aphimbe bokosi ndi mbendera ya kalabu monga mwa mwambo. Yankho lanu talimva, Mayi: "Anamuvula yunifomu ali moyo, lero akufuna kumufunditsa? Pabokosi pasaikidwe mbendera." Palibe mwa ife amene angakutsutseni.

Komabe tikugwada pamaso panu ndi pempho limodzi. Mbendera imene tili nayo ife si ya mu ofesi. Anaisoka ndi amayi athu ndi nsalu zotsala, inasuluka ndi dzuwa, ndipo pangodya pake pakadali matope a paphiri paja, pakuti Aphunzitsi anatiletsa kuichapa, ati mwayi ungapite ndi sopo. Atachotsedwa ntchito sanakwerenso kumipando ya akuluakulu. Ankagula tikiti n'kudzakhala pakati pathu pansi pa mbendera imeneyo, kawailesi kali kukhutu, akukalipira oimbira mpira ngati tonsefe. Tikupempha kuti iwaperekeze.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupereka chipepeso chathu kwa inu ndi banja lonse, ndipo Mulungu akupatseni mphamvu zimene ife tilibe. Mawa tidzaima pachipata cha manda, ng'oma titasiya kunyumba, mbendera ili chipindire. Mukadzadutsa osatiyang'ana, tidzamvetsa, ndipo tidzatsatira chapatali. Mukadzangotikodola, tidzaitambasula.

Cleiton Sarmento
Wapampando, Bungwe la Masapota a Pedra Funda