Malata a nyumba yanu

Amayi, kwacha bwanji kumene muliko? Kuno ku Cape Town tilipo, kungoti mphepo yake ndi yosatha.

Mng'ono wanga Tadala wabereka mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo pakamwa sipatsekeka, inu ndithu. Abambo akolola mtedza wambiri, koma denga laudzu lija lathetheka. Dzinja lapitali akuti amagona atazunguliridwa ndi mabeseni. Nkhani ya malata ndi imene yandikhazika pansi kuti ndikulembereni.

Ndikugwirabe ntchito ya m'nyumba ku Noordhoek, kwa abwana oonekera pa TV aja, olosera ngati randi ikwera kapena igwa. Malaya amene amavala pokalosera ndimasita ndine. Amalawi anzanga amandiimitsa panjira: "Asisi, titumize lero kumudzi kapena tidikire?" Nane ndinkayankha monyada, ngati kusita malaya ndi sukulu.

Mwezi watha ananena kuti randi ilimba, ndidikire. Inagwa. M'mawa mwake anali pa TV kufotokoza bwinobwino chimene yagwera, opanda n'manyazi omwe. Ndinakumbukira a Chisale, ankatilosera mvula chaka chilichonse aja, ndi mmene munkatibwezera inu: "Musathamangire kumunda, kaoneni kaye ngati iwowo adzala." Ndiye ndinalimba mtima n'kuwafunsa abwana ngati ndalama zawo amazisuntha akalosera. Anaseka. Akuti zawo anaziika penapake kalekale ndipo sazikhudza, chifukwa zamawa palibe amazidziwa. Si munthu woipa, Amayi. Basi yobwerera kumaliro anu anandilipirira ndi iwo.

Koma pali chimene sindinakuuzeni. Chaka chija munkandifunsa za malata pafoni, ine n'kumati zinthu zavuta, ndalama ndinali nayo. Ndinkadikira randi ilimbe monga ananenera abwana, kuti ndikuguleni malata ochindikala, mudabwe. Inu munkangoti, "Usadzipanikize mwanawe, udzu nawo ndi denga." Munapita mu Febuluwale, kukudontha. Mundikhululukire, zimandiwawa mpaka lero.

Dzulo ndatumiza, osafunsa munthu. Amalume agula malata wamba, opyapyala omwewo, ndipo mmisiri ayamba Lolemba. Ndikulonjeza kuti mvula yoyamba idzapeza abambo ali pouma. Pa Khirisimasi ndidzabwera ndidzagone m'chipinda chanu.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Esinati