Zingwe za goli zaduka

Okondedwa achimwene,

Moni kuchokera kuno ku Katete. Tonse tili bwino, amayi chifuwa chija chaleka. Kaya inu kumigodiko?

Ndikulemba mtima ukuwawa chifukwa cha alamu anu. Ng'ombe yanu yokalamba ija itafa, ndinati chikopa tidule zingwe za goli. Mukukumbukira mmene malemu atate ankachitira: ankadikira chiume, n'kumachitsina ndi zala kuyambira pakhosi mpaka kumchira. Chapamsana chochindikala chinali cha zingwe, chapamimba chopyapyala cholukira mipando.

Alamu anu anakachiviika kudambo, chinafufuma, n'kuchiyesa chili chinyowere. Ndinati, "Bambo a Tisa, chapamimbachi n'chimodzimodzi ndi cha mbuzi, dikirani chiume." Anandiyankha kuti, "Mkazi adziwa chiyani za zikopa? Taona kunenepa kwake!" Chapamsana chonse anapatsa anzawo okunga ng'oma, ati anamupempha mwaulemu, zingwe n'kudula chapamimba.

Mvula yoyamba itagwa tinamanga ng'ombe. Tisanamalize mzere woyamba, chingwe chinati phwa! Tinalumikiza, chinadukanso. Ng'ombe zinathawira m'munda wa eni, ine pambuyo ndi mwana kumsana. Anzathu adzala kale, ife tikujima ndi makasu ngati tilibe khola. Alamu anuwo akuti ng'ombe ndizo zili ndi mwano.

Chonde titumizireni tcheni ndi aliyense wobwera kuno, mvula isanatithawe. Mulungu akusungeni pansipo.

Ng'omayo ndiye ikulira bwino zedi, achimwene. Timaimvera m'munda wa udzu wokhawokha.

Ndine mlongo wanu,
Nabanda