Imfa khumi ndi imodzi za a Makutu

Amayi, kaya kwacha bwanji kumene muliko?

Kuno ku Woolwich, kwa Angerezi, tilipo, kupatula bondo langa lamanzere. Masitepe okwera ku fulati akadali 34, koma masiku ano ndimapumira pa sitepe ya 17. Papita zaka zisanu ndi zinayi chiperekezereni thupi lanu ku Dedza.

Mdzukulu wanu Tadala wabereka mwana wachiwiri, wamkazi, ku Lewisham. Zidzukulutudzi zanu zakwana zisanu, ndipo zitatu mwa izo zimamva Chichewa koma kuyankha ndi m'Chingerezi. Kudimba lija tinabwereka ku khonsolo ndakolola maungu asanu ndi awiri. Chimanga ndinadzala mapando 40, chacha pa mapando 12 okha, chinacho dzuwa linachithawa. Nkhwani zadya nkhono.

Koma ndikudziwa amene mukanayamba kufunsa. Ndi a Makutu, mnyamata wa ku Korea uja wa m'masewero a pa kanema, amene dzina lake linkakukanikani mpaka munamupatsa lanu chifukwa cha makutu ake otambalala. Kabuku kamene ndinkalembamo za iwo ndikadali nako, ndipo ndikulembabe.

Tinawaona koyamba pa madisiki amene anatibwereka Mayi Tembo a ku Chipata, anzanga a kutchalitchi. M'sewerolo a Makutu anali wopereka chakudya pa njinga yamoto. Analankhula katatu kokha, m'gawo lachiwiri galimoto n'kuwagunda. Inu munati, "Wantchito ndi ameneyu. Enawa angobwera kudzaonetsa zovala." Ine ndinaseka, koma munalondola. Sewero lotsatira ananyamula ambulera ya bwana wolemera magawo 20. Kenako anakhala msilikali wa mfumu yamakedzana, kenako wapolisi, kenako dzina lawo linayamba kulembedwa loyamba. Atasowa pafupifupi zaka ziwiri ndinakuuzani kuti kwawoko mnyamata aliyense amapita ku usilikali, kaya ndi wotchuka. Munati, "Apite, akaphunzire kuchapa zake." Anabwerako atawonda, akulankhula motsitsa, ndipo anayamba kuoneka m'mafilimu.

Mpaka lero ndawaona m'masewero 23 ndi mafilimu asanu ndi anayi. Akwatira kasanu ndi kamodzi. Afa ka 11: kanayi ndi lupanga kapena muvi, katatu ndi galimoto, kawiri m'madzi, kamodzi ndi poyizoni, kamodzi ndi matenda. Tsopano ali ndi imvi, amasewera ngati bambo wa atsikana, ndipo dzina lawo latsika pa nambala yachitatu. Mwezi watha ndinakwera sitima kukaona filimu yawo yatsopano m'tauni. M'holo tinalimo 19. Anali mlonda wa pasukulu, wosalankhulalankhula, ndipo anafika kumapeto ali moyo.

Imfa ya matenda ija inu simunaione. Ndiyo yandilembetsa kalatayi.

Mukukumbukira mmene tinkaonera. Inu pampando wa pawindo, ine pambali panu, ndikuwerenga mawu a Chingerezi a m'munsi mwa kanema n'kumawatembenuzira m'Chichewa. Ndikachedwa munkandigunda ndi chigongono: "Iwe Esinati, fulumira! Anthu ayamba kale kulira, ife sitinamve kuti wamwalira ndani." Zaka zisanu ndi ziwiri ndinagwira ntchito imeneyi osasiya mawu ngakhale amodzi, ndi otukwana omwe.

M'nyengo yozizira ija munkadwala, tinkaona sewero la magawo 16 limene a Makutu anali mphunzitsi. M'gawo la 12 anapita kuchipatala, dokotala n'kuwauza kuti atsala ndi miyezi itatu. Ine ndinakuuzani kuti, "Akuti amwe mankhwala, achira." Munayang'ana kanema, kenako munayang'ana ine, n'kunena kuti, "Mankhwala okhawo mpaka dokotala kuvula magalasi?" Mawa lake ndinabisa disiki yotsiriza m'kabati ya mbale, n'kukuuzani kuti Mayi Tembo aifuna. Sanaifune. Mphunzitsi uja anabwerera kumudzi kwawo, ndipo anamwalira m'gawo la 16, pakhonde la nyumba imene anabadwira.

Ndinanama za sewerolo chifukwa ndinali nditanama kale kuchipatala, masiku asanu ndi anayi m'mbuyomo. Tsiku limenelo dokotala wanu analankhula ndi ine, inu muli pomwepo. Anati mwatsala ndi miyezi itatu, mwina inayi, ndipo ngati mukufuna ulendo wa kwanu, nthawi yake ndi yomweyo, musanafooke. Munandikoka malaya: "Akuti chiyani?" Ndinati, "Akuti mupumule kaye. Kumudzi mudzapita mukalimba." Munagwedeza mutu n'kunena kuti, "Chabwino, tidikira." Chikhalirecho chaka chimenecho munali mutandiuza kasanu ndi kawiri kuti simukufuna kufera m'dziko la eni.

Ndinali nditawerengera, Amayi. Maola a m'ndege, maola odikira ndege ina ku Addis, maola a pamsewu kuchoka ku Lilongwe, mapiritsi anu asanu a m'mawa ndi anayi a madzulo, mtunda wa kuchoka kumudzi kukafika kuchipatala. Yankho linatuluka lakuti mudzafera panjira. Zaka 31 ndinaphunzitsa masamu, ndipo ndimadziwa mwana amene wayamba ndi yankho limene akufuna n'kumabwerera m'mbuyo. Ndinachita zomwezo. Ndinkafuna mukhale pampando uja.

Munakhala masiku 101. Masiku 40 oyamba munkayenda nokha mpaka pamsika kukasankha therere, n'kumakangana ndi wogulitsa m'Chichewa iye akuyankha m'chinenero chake. Mukanafika ku Dedza. Mukanawaona achimwene anga, mukanakhala pansi pa mtengo wanu wa mapichesi. M'malo mwake munapita m'bokosi, kunsi kwa ndege, ine nditakhala pamwamba panu ndi lamba m'chiuno.

Ngati munadziwa, munandisungira. Za disiki simunafunsenso, za ulendo simunafunsenso. Ngati simunadziwe, mwadziwa lero. Tadala sakudziwa. Achimwene amakhulupirirabe kuti matenda anakudzidzimutsani, ndipo pamaliro anandithokoza pamaso pa anthu chifukwa chokusamalani. Ndinavomera kuthokozako.

Achimwene akwanitsa zaka 78 ndipo maso awo akuchita khungu. Ndasungitsa malo m'ndege ya mu Ogasiti. Kuulula ndikayambira kwa iwo, tili awiri, ndisanamwe ndi madzi omwe, ndipo zimene akanene ndikazilandira. Ndikachoka pamenepo ndibwera kumanda, ndidzaime kumutu kwanu, ndidzakuuzeni zimene dokotala ananena tsiku lija, mawu onse, mwa dongosolo lake, m'Chichewa. Ili ndi lonjezo langa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati