Mavalavu Amene Ndinadzutsa

Amayi anga, kumeneko mukukhala bwanji?

Ife kuno ku Nairobi tilipo, kungoti kwazizira ndipo bondo langa lija layambanso. Ndatenga nthawi osakulemberani, ndikudziwa. Si kuti kunalibe nkhani. Nkhani inalipo, koma ndi ya mtundu uja munkandiona nayo pankhope ndisanatsegule pakamwa, n'kundiuza kuti, "Esinati, lankhula, watupa mokwana." Ndiyamba ndi zabwino kuti musanene kuti ndimakukumbukirani pa mavuto pokha.

Ku Mponela achimwene a Yohane akolola mtedza wambiri, mpaka matumba ena aunjika m'chipinda chanu. Soya ndiye wakana, mvula inadula ali maluwa. Alamu anachira, ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Akuti akafuna kulira amayamba wakwinya chipumi kaye ngati mmene munkachitira inu powerenga lipoti la kusukulu. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo koma akonza. Kunoko mdzukulu wanu Madalitso walemba mayeso ake, tikudikira zotsatira. Chisomo ndiye wandigonjetsa, ndikamulankhula Chichewa amandiyankha Chiswahili, ndikamukalipira amangoti "sawa mama" n'kupitiriza zake. Abambo awo akadali pantchito yomwe ija.

Tsopano za mwana wanu Tiyamike. Pamene munatisiya n'kuti akumaliza digiri yachiwiri kunoko. Anamaliza, ndipo akugwira ku kampani ya mainjiniya ku Upper Hill, kumene anthu amakwera chikepe popita ku tebulo lawo. Dziko lino likukamba zodzamanga malo opangira magetsi a nyukiliya, ndiye kampani yake ikufuna kutumiza munthu mmodzi kunja kwa zaka ziwiri, akaphunzire pamalo oterowo amene akugwira kale ntchito. Asankha Tiyamike. Ndipo chimene akukaphunzira ndi mavalavu oyendera mpweya, omwe aja ine ndakhala ndikuwamasula ndi kuwamanga ku Industrial Area kwa zaka zonsezi mpaka zikhadabo zanga zinaiwala kuyera.

Amayi, ndinachita nsanje. Ndalemba mawuwo momveka kuti musavutike kuwafufuza. Atandiimbira foni ndinamuyamikira bwinobwino, ndinaseka, ndinati Mulungu ndi wabwino. Nditadula ndinakhala pa benchi nthawi yaitali ndikuyang'ana sipanala.

Inu simunamvetsepo ntchito yanga, munkangouza anthu kuti ndimakonza mipopi, ndiye lero ndikufotokozereni. Mpopi wa kunyumba timautsegula ndi dzanja. M'mafakitale mapaipi ndi aakulu, ena ali pamalo otentha posafika munthu, ndiye valavu imatsegulidwa ndi mpweya. Pamwamba pake pamakhala chigoba chachitsulo chonga mabeseni awiri ovundikirana, m'kati muli labala ndi sipuling'i. Mpweya ukalowa umakankha labala, valavu n'kutseguka. Ukachoka, sipuling'i imabweza, valavu n'kutseka. Zosavuta, koma zimadwala. Labala amauma ndi kutentha n'kung'aluka. Mpweya umabwera ndi madzi kapena oyilo n'kuwononga za m'kati. Girisi amauma n'kumata chitsulo chimene amayenera kuchifewetsa. Choopsa kwambiri ndi valavu yokhalitsa osayenda, chifukwa imaoneka yabwinobwino mpaka tsiku limene mwaifuna. Ku fakitale ya mkaka ikakana kutseka, timakolopa pansi. Kumene akupita Tiyamike kuli mavalavu amene amakhala miyezi osasuntha, kudikira tsiku limodzi limene madzi oziziritsa afunika msanga. Tsiku limenelo palibe zoyesa kachiwiri.

Asananyamuke, Tiyamike ayenera kulemba pepala n'kukaliteteza pamaso pa akuluakulu amene amusankha. Anandipempha kuti azibwera kuwekishopu kwathu Loweruka lililonse, kudzayeza mavalavu amene achotsedwa m'mafakitale atakhalitsa osayenda. Ankafuna kudziwa kuti valavu yotereyi imatenga nthawi yaitali bwanji kuti itseke. Ndinavomera. Anabwera miyezi itatu, ndi wotchi yake ndi kope lake, atavala ovolosi yatsopano yoti mizere ya m'sitolo ikuonekabe.

Apa ndiye pali mlandu wanga. Kuwekishopu kwathu tili ndi chizolowezi chimene timachitcha kudzutsa. Kasitomala akamabwera kudzaona valavu yake, timayamba taiyendetsa katatu kapena kanayi iye asanafike, n'kupopera kaoyilo pa chitsulo chapakati. Ulendo woyamba imabuula, imanjenjemera, nthawi zina imakaniratu. Pofika wachinayi imayenda myaa ngati yatsopano. Anandiphunzitsa zimenezi ndi mmisiri wachikulire amene ndinamupeza pantchitopo, ndipo palibe amene amaziona ngati chinyengo. N'chimodzimodzi inu mmene munkatisesetsa pabwalo kawiri tikamva kuti kukubwera abusa.

Ndiye Lachisanu lililonse, ndisanaweruke, ndinkadzutsa mavalavu onse amene Tiyamike adzayeze mawa lake. Sindinafune kuti mng'ono wanga wa madigiri awiri aone zinthu zikunjenjemera pa benchi langa, n'kumaganiza kuti achemwali ake amagwira ntchito pamalo a zitsulo zakutha. Ndikulumbira, Amayi, panthawiyo sindinaganize kuti ndikumuonongera. Ndinkangofuna kuti andione ngati katswiri. Iye ankadina wotchi, valavu n'kutseka bwinobwino, n'kunena kuti, "Asisi, koma zinthu zanu ndi zolongosoka." Ine kumtima mbee.

Mwezi watha ananditumizira pepala lija kuti ndione. Ndinaliwerengera mu matatu, maminibasi a kuno, pobwerera kunyumba, titaima pa mzere wa magalimoto. Pofika tsamba lachitatu ndinali nditaona vuto. Walemba kuti malinga ndi zimene anayeza, mavalavu okhalitsa amatsekabe pa nthawi yake, choncho palibe chifukwa chowayendera pafupipafupi. Koma iye sanayeze valavu yokhalitsa ngakhale imodzi. Onse anali odzutsidwa ndi ine dzulo lake. Ndinatsegula foni kuti ndimuimbire. Kenako maso anga anagwera kumapeto, pamene amathokoza anthu. Wathokoza abwana ake, aphunzitsi ake, wathokoza inu malemu. Za ine walemba kuti "amisiri a ku Industrial Area." Ndinabweza foni m'chikwama.

Ndinakhala chete masiku khumi ndi limodzi. Sindikunamizani kuti ndinkaganizira mmene ndingamuuzire. Ndinkaganizira tsiku limene adzaime pamaso pa akuluakulu aja, wina wodziwa ntchito n'kumufunsa kuti, kodi mavalavuwa anali asanakhudzidwe? Ndinkaona nkhope yake, ndipo zinkandikomera. Zikundichititsa manyazi kulemba, koma zinkandikomera.

Mkati mwa masiku amenewo amayi a kutchalitchi kwathu, Amalawi okhaokha, anamukonzera phwando lotsanzikana ku Karen, kunyumba ya mpanda wautali yoti kuchoka pageti kukafika pakhonde umatuluka thukuta. Ine ndinaphika mandasi. Aliyense ankandigwira dzanja kuti ndinyadire. Mayi wina anandifunsa ngati nanenso ndimagwira ntchito, nditamuuza anati, "Oo, ndiye mng'ono wanu akabwerako azikuphunzitsani." Ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Ndipo poti ndayamba, ndimalize. Nsanje imeneyi sinayambire ku Nairobi. Mukukumbuka zimene munkauza alendo? "Esinati ndi wamanja, Tiyamike ndi wamutu." Munkanena monyadira tonse awiri, ndikudziwa, koma ine ndinkamva kuti mutu ndilibe. Setifiketi yake munaiika mu felemu pabalaza. Yanga ya ku koleji ya zaumisiri munaisunga m'sutikesi, munkati kuopa fumbi. Kuchipatala kuja ndinakusambitsani masabata atatu, ndipo m'mawa uliwonse funso lanu loyamba linali lakuti Tiyamike afika liti. Sindikukuimbani mlandu. Mwana wakutali ndi amene amafunsidwa, pano ndine kholo ndikuzidziwa. Koma zinalowa, ndipo sizinatuluke.

Chimene chinandithyola si pemphero, ngakhale ndikanakonda kukuuzani choncho. Lolemba lina anatibweretsera valavu ya pa boyila ya fakitale ya tiyi. Inali ndi kapepala kosonyeza kuti inayesedwa posachedwa ndipo ili bwino. Panalibe mlendo woti ndimuonetse, ndiye sindinaidzutse, ndinangoyesa. Ndinachotsa mpweya kuti itseke. Sinasunthe. Ndinadikira ndikuyang'ana, osasuntha ngakhale pang'ono. Nditaimasula ndinapeza girisi atauma gwa, labala atang'aluka m'mbali. Munthu wina wonga ine anaidzutsa, n'kuiyesa, n'kusaina. Ndinaganiza za Tiyamike ali kutali kumeneko, akuuza anthu kuti valavu yokhalitsa siifunika kuiyendera pafupipafupi, iwo n'kumukhulupirira chifukwa ali ndi manambala. Manambala ochokera m'manja mwanga.

Ndinapita ku Upper Hill nthawi ya nkhomaliro, ndili mu ovolosi yomweyo. Alonda a pageti anandiyang'ana nsapato n'kundiuza kuti ndidikire panja. Tiyamike anatsika, tinaima pafupi ndi mayi wogulitsa zipatso, ndipo ndinamuuza zonse, za Lachisanu lililonse, za kaoyilo, zonse. Sanakalipe. Inu mukumudziwa, akakwiya amalankhula motsitsa.

"Asisi, pepalali munaliwerenga liti?"

Ndinamuuza tsiku lake. Anawerenga ndi zala.

"Ndiye ku Karen kuja munkadziwa?"

Ndinati eya.

"Kwatsala masabata awiri. Ndikawauza abwana kuti manambala onse ndi olakwika, akhoza kutumiza munthu wina. Mukudziwa zimenezo?"

Ndinati ndikudziwa.

Kenako anafunsa kuti, "Mwandiuza chifukwa ndi zoona, kapena chifukwa simukufuna kuti ndipite?"

Amayi, ndikanatha kunama, ndipo akanandikhulupirira, chifukwa mwana ameneyu wakhala akundikhulupirira chibadwire. Ndinamuyankha kuti, "Zonse ziwiri." Anatembenuka n'kulowa pageti, ine ndinakakwera matatu.

Masiku atatu sanandiimbire ndipo foni yanga sankayankha. Ndinamva kwa amuna anga kuti Tiyamike anakawauza abwana ake tsiku lomwelo, osabisa kanthu, ndipo dzina langa sanalitchule ngati wolakwa. Anati iye ndiye sanafunse funso loyenera. Zimenezo zinandipweteka kuposa akanandinyoza. Abwanawo amuuza kuti akabweretsa zoyeza zatsopano tsiku lisanafike amumvera, akalephera apita mnzake wa mu ofesi.

Lachinayi kunafika bokosi la mavalavu asanu ndi atatu kuchokera ku fakitale ya shuga, amene akhala chaka chathunthu osayenda. Anzanga anayamba kufunafuna chotsegulira, ine ndinawaletsa. Ndinalikokera m'sitolo ya zipangizo, ndinakhoma, kiyi ndinaika m'thumba. Abwana anga akung'ung'udza kuti kasitomala akudikira, ndawauza kuti adikire mpaka Lolemba. Ndinajambula bokosilo lili chikhomere n'kumutumizira Tiyamike, osalemba kanthu. Anayankha madzulo. Mawu ake anali akuti, "Musawakhudze. Ndibwera Loweruka."

Loweruka ndi mawa. Asanu ndi atatu ndi ochepa, mwina sakwana kupulumutsa ulendo wake, ndipo akalephera kupita ndidzadziwa kuti masiku khumi ndi limodzi aja ndi amene anamulanda. Mawa adzaona mavalavu akubuula ndi kukana pa benchi langa, pamaso pa anzanga, ndipo ndidzamuuza chifukwa chake iliyonse ikukana, chifukwa zimenezo ndimazidziwa kuposa munthu aliyense wa mu ofesi yawo. Ndikukulonjezani kuti bokosi limenelo adzatsegula yekha, ndipo mpweya woyamba adzalowetsa yekha, ine manja ali kumbuyo.

Musandipemphe kuti nsanje ithe pofika mawa, siitha. Ndikufuna apite, ndipo ndikulakalakanso wopitayo akanakhala ine. Akapita ndidzamunyamulira chikwama mpaka pabwalo la ndege ndipo ndidzalira. Anthu adzati ndikumusowa kale mng'ono wanga, ndipo adzakhala akunena zoona. Misozi inayo mudzaidziwa ndinu nokha.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndakudandaulirani chonchi.

Ndine mwana wanu,
Esinati